Chigongono m'nthiti kapena mkono m'mwamba? Zimene zimachitika m'phewa pochita mafizo otembenuza mkono

Amene anadwalapo phewa n'kutumizidwa ku fizo amawadziwa mafizo aja otembenuza mkono. Chigongono chimapindidwa, dzanja limagwira chingwe cha mphira, kenako mumalitsegulira kunja n'kulibweza. Chimene chikusokoneza anthu masiku ano n'choti akatsegula Facebook kapena TikTok akupeza mafizo omwewo akuphunzitsidwa mosiyanasiyana. Wina akuti chigongono chimamatire m'nthiti. Wina akuti ayi, panani thawulo m'khwapa. Wina akuchita atagona chammbali, pomwe mnzake wakweza mkono kufika pa mulingo wa phewa. Aliyense akuti njira yake ndiyo yeniyeni.

Onsewo akutembenuza fupa limodzi lomwelo, koma sakupatsa minofu ntchito yofanana. Malo amene mwaika mkono ndiwo amagawa ntchito: mnofu uti utembenuze fupa, uti ungoligwira kuti lisasunthe, ndi uti ulowerere kuthandiza ngakhale simunauitane. Kuti izi zimveke, tiyambe ndi mmene phewalo lilili mkati.

## Phewa ndi minofu yake

Mutu wa fupa la mkono ndi wobulungira, ndipo umatsamira pa kadzenje ka fupa lophwatalala lija mumalikhudza mukapisa dzanja kumbuyo kwa phewa. Achipatala amalitcha scapula. Kadzenjeko n'kosaya, n'kakang'ononso, moti pa nthawi imodzi kamakhudza gawo limodzi lokha mwa magawo atatu kapena anayi a mutu wa fupalo. M'chiuno si mmene zilili. Kumeneko fupa la ntchafu limalowa ngati musi mumtondo. Phewa lili ngati musi womwewo mwauimika pa sosa: ukhoza kupendekera kulikonse, n'chifukwa chake dzanja limafika kumutu, kumsana ndi kumbali, koma popanda wougwira utsetsereka.

Ogwirawo ndi minofu inayi imene imachokera pa scapula n'kukuta mutu wa fupa la mkono. Pamodzi imatchedwa rotator cuff. Pamwamba pali supraspinatus, umene umadutsa pansi pa kafupa kotchinga pamwamba pa phewa, pa mpata wa pafupifupi sentimita imodzi. Kumbuyo kuli infraspinatus ndi mnzake wamng'ono teres minor, ndipo iwiriyi ndiyo imatembenuzira mkono kunja. Kutsogolo kwa scapula, pakati pa fupalo ndi nthiti, kuli subscapularis, waukulu pa yonse inayi, umene umatembenuzira mkono mkati.

Pamwamba pa minofu imeneyi pali ikuluikulu imene anyamata a ku jimu amaikonda chifukwa imaoneka: deltoid wokuta phewa, pectoralis major wa pachifuwa, ndi latissimus dorsi wa kumsana. Palinso ina, monga trapezius wa kumsana chakukhosi ndi serratus anterior wa m'mbali mwa nthiti, imene ntchito yake ndi kuyendetsa scapula yeniyeniyo. Scapula nayo imayenda. Mu 1944 Verne Inman ndi anzake anaonetsa kuti mkono ukamakwera, pa madigiri atatu alionse, pafupifupi awiri amachokera polumikizana mafupa paja ndipo imodzi imachokera ku scapula ikamazungulira pa nthiti.

Mfundo yofunika kuigwira ndi iyi. Rotator cuff ili ndi ntchito ziwiri: kutembenuza fupa, ndi kupanikiza mutu wa fupalo pakati pa kadzenje kake pamene minofu ikuluikulu ikukoka. Deltoid akamakweza mkono, amakokera fupa m'mwamba. Rotator cuff ikapanda kubweza mphamvu imeneyo, mutu wa fupa umakwera n'kuchepetsa kampata kaja. Mukasuntha mkono, mumasintha kuchuluka kwa ntchito ziwirizi.

## Amadziwa bwanji kuti mnofu ukugwira ntchito?

Mnofu ukamakokana umatulutsa timagetsi tochepa kwambiri, ndipo pali makina oyezera timagetsito. Kuyezako kumatchedwa EMG. Pa minofu ya pafupi ndi khungu amamata tizitsulo pamwamba. Pa minofu yobisika, monga supraspinatus umene uli pansi pa trapezius, kapena subscapularis umene uli kuseri kwa fupa, amalowetsa tiwaya toonda ndi jakisoni mpaka mkati mwa mnofuwo.

Asanayambe, amauza munthu kuti akankhe ndi mphamvu zake zonse, n'kulemba zimene makina awerenga ngati 100 peresenti. Zotsatira zonse amaziyerekeza ndi mulingo umenewo. Choncho mukamva kuti mafizo ena anafikitsa mnofu pa 60 peresenti, sizikutanthauza kuti mnofuwo wanyamula magawo 60 a katunduyo. Zikungotanthauza kuti ubongo unaulamula kugwira ntchito pa mulingo umenewo poyerekeza ndi mapeto a mphamvu zake.

Njira yomata pakhungu ili ndi vuto lake. Tizitsulo timatola ndi timagetsi ta minofu yoyandikana nayo, moti kachitsulo koikidwa pa infraspinatus kakhoza kuwerenganso za deltoid wa kumbuyo. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene kafukufuku awiri a mafizo ofanana amatulutsira manambala osiyana.

## Chigongono chili m'nthiti

Apa ndi pamene a fizo ambiri amayambira. Mkono uli pansi, kulemera kwake kwangolendewera, ndiye palibe mnofu umene ukuvutika kuunyamula. Ntchito yatsala ndi yotembenuza basi. Komanso infraspinatus amakoka bwino kwambiri mkono ukakhala pansi chonchi, chifukwa mzere umene amakokera umadutsa patali ndi pakati pa mutu wa fupa. Kafukufuku wa pa mitembo, monga wa James Otis ndi anzake mu 1994, anaonetsa kuti mtunda umenewu umasintha mkono ukamakwera. Kwa infraspinatus umachepa, pomwe kwa teres minor susintha kwenikweni.

Koma ngakhale pamenepa infraspinatus sakhala yekha. Ofufuza a ku yunivesite ya Sydney ku Australia anaonetsa mu 2007 kuti potembenuzira mkono kunja, chigongono chili m'mbali, supraspinatus nayenso amagwira ntchito ndithu, limodzi ndi deltoid wa kumbuyo. Mawu akuti mafizo awa ndi a mnofu umodzi wokha ndi ongofupikitsa nkhani. Thupi silitumiza mnofu umodzi paulendo.

Pali cholakwika china chimene chimaoneka kwambiri m'majimu. Munthu waimirira, chigongono chili m'nthiti, wanyamula kachitsulo m'manja, n'kumayendetsa dzanja uku ndi uku. Kachitsuloko kamakokera pansi, pomwe dzanja likuyenda chopingasa. Palibe chimene chikulimbana ndi kutembenuzako, ndipo mnofu umene ukutopa ndi wa kutsogolo kwa mkono umene wagwira chigongono kuti chisawongoke. Ngati mwaimirira, chokoka chiyenera kuchokera kumbali, monga chingwe cha mphira chomangidwa pa chogwirira cha chitseko. Ngati muli ndi kachitsulo kapena botolo la madzi, gonani chammbali kuti dzanja lizikwera m'mwamba.

Kugona chammbali kumeneku kunatchuka chifukwa cha kafukufuku wa mu 2004 wa Michael Reinold, Kevin Wilk ndi anzawo a ku Birmingham, m'chigawo cha Alabama ku America. Anayeza anthu 10 opanda vuto la phewa pa mafizo asanu ndi awiri, pogwiritsa ntchito tiwaya tolowetsa mkati. Kutembenuzira mkono kunja utagona chammbali ndiko kunafikitsa infraspinatus pamwamba kuposa ena onse, pa 62 peresenti, ndi teres minor pa 67 peresenti. Manambala awiriwa akhala akubwerezedwa m'mabuku a fizo kuyambira nthawi imeneyo, mwina kuposa mmene anthu 10 angayenerere.

Chitsulo ndi chingwe sizivutitsa mnofu pamalo amodzi. Mukagona chammbali, chitsulo chimalemera kwambiri pamene mkono wa kumunsi kwa chigongono wagona chopingasa, ndipo chimapepuka dzanja likamaloza kudenga. Chingwe cha mphira chimachita zosiyana, chimalimba pamene mukuchikoka, moti chimavuta kwambiri kumapeto, pamene mnofu wafupika kale ndipo mphamvu zake zachepa. N'chifukwa chake anthu ambiri akafika kumapeto amayamba kubera, chigongono n'kuchoka m'nthiti kapena thupi lonse n'kupotoka.

## Nanga thawulo lija n'lachiyani?

Thawulo lopindidwa m'khwapa limakweza mkono pang'ono kuchoka m'nthiti. Zifukwa zimene zimaperekedwa n'zingapo, ndipo sizolimba mofanana.

Chakale kwambiri chinachokera ku Canada mu 1970, pamene Rathbun ndi Macnab anabaya mankhwala m'mitsempha ya magazi ya mitembo n'kuona kuti mkono ukamamatira m'nthiti, mtsempha wolumikiza supraspinatus ku fupa umakungika pamutu wa fupalo ndipo magazi safikamo bwino. Mkono ukakwezedwa pang'ono, magazi ankalowa. Zinali za pa mitembo, koma maganizo amenewa anakhazikika.

Chifukwa china n'chosavuta kumva. Kuti thawulo lisagwe muyenera kulipana, ndipo munthu sangapane thawulo uku akutsegula khwapa. Deltoid, amene amafuna kukweza mkono kumbali, amatsekeredwa njira yoberera. Poyeza ndi EMG, thawulo silisintha kwambiri ntchito ya infraspinatus. Phindu lake looneka ndi loti limasunga chigongono malo amodzi, ndipo likagwa mumadziwa nokha kuti mwayamba kubera. Kwa munthu amene akuchita mafizo kunyumba popanda womuyang'anira, phindu limeneli si laling'ono.

Pali malo enanso a pakatikati amene a fizo amawakonda. Scapula siinagone chafulati kumsana, inapendekera kutsogolo ndi madigiri pafupifupi 30, kutsatira kubulungira kwa nthiti. Mukakweza mkono pang'ono motsatira kupendekera kumeneku, osati kumbali kwenikweni komanso osati kutsogolo kwenikweni, mutu wa fupa umakhala bwino pakadzenje ndipo kathumba kamene kamakuta polumikizana mafupawo sikapotoka. Anthu ambiri amene phewa limawapweteka amapeza kuti pamenepa akutha kutembenuza mkono mosavutika.

## Mkono ukakwera kufika pa mulingo wa phewa

Apa ndi pamene nkhani imasinthiratu. Mkono watambasukira kumbali pa madigiri 90, chigongono chapindidwa pa madigiri 90, dzanja likuyenda kuchoka kutsogolo kupita m'mwamba. Ndi mmene mkono umakhalira munthu akamaponya mpira wa manja patali, akamamenya volebo, kapena akamatula chidebe kuchoka pamutu.

Tsopano pali ntchito yatsopano, yonyamula mkono weniweniwo. Deltoid ndi supraspinatus amadzuka kuti augwire m'malere. Scapula iyenera kuzungulira n'kukhazikika, ndiye trapezius ndi serratus anterior nawonso amalowa. Ndipo popeza deltoid akukoka mwamphamvu, rotator cuff yonse iyenera kuwonjezera ntchito yake yachiwiri ija, yopanikiza mutu wa fupa pakadzenje.

Ofufuza a ku Sydney aja anachita kafukufuku wina mu 2013 amene amalekanitsa bwino ntchito ziwirizi. Anaika mkono pa madigiri 90 n'kumasintha kuchuluka kwa chouchirikiza: poyamba wochirikizidwa wonse, kenako theka, kenako wopanda chochirikiza. Ntchito ya infraspinatus siinasinthe, chifukwa kutembenuza kunali komweko. Koma ya supraspinatus ndi deltoid inkakwera pamene chochirikiza chinkachepa. Minofu iwiri yoyandikana, ya gulu limodzi, pa mafizo amodzi, wina akutembenuza, wina akugwira.

Zimenezi zili ndi ntchito kwa wodwala. Munthu amene supraspinatus wake ndi wopweteka akhoza kukhala pa mpando, kutsamiritsa chigongono pa tebulo kapena pa mapilo, n'kutembenuza mkono uli m'mwamba popanda kuvutitsa mnofu wodwalawo. Akamachira, chochirikiza chimachepetsedwa. Kutsamiritsa chigongono si ulesi, ndi njira yochotsera ntchito imodzi kuti itsale inayo.

Kugona chafufumimba pa bedi, mkono utalendewera m'mbali, kumasinthanso zinthu. Pamenepo kulemera kumakokera mkono kutsogolo, ndiye minofu ya kumbuyo yonse imalimbana nako, makamaka deltoid wa kumbuyo ndi trapezius wa m'munsi. Pa kafukufuku wa ku Birmingham uja, mafizo amene anafikitsa supraspinatus pamwamba kwambiri, pa 82 peresenti, anali okweza mkono wowongoka utagona chafufumimba, chala chachikulu chitaloza m'mwamba. Koma pa mafizo omwewo deltoid wa pakati anafika pa 87 ndipo wa kumbuyo pa 88 peresenti. Nambala yaikulu ya mnofu umene mukuufuna ikabwera limodzi ndi nambala yaikulu ya mnofu umene simukuufuna, muyenera kuganiza kawiri.

Malo a m'mwambawa ali ndi ngozi yake. Mkono ukatambasukira kumbali n'kutembenuzidwira kunja mpaka kumapeto, mutu wa fupa umakankhira kutsogolo, kumene kathumba kaja kakungika. Mapewa oposa 90 peresenti amene amaguluka amagulukira kutsogolo, ndipo kawirikawiri mkono umakhala uli pamalo amenewa. Madokotala amaika dala mkono pamenepo poyeza ngati phewa ndi lolobodoka: wodwala amachita nkhope ya mantha, kumva ngati fupa lituluka. Komabe wosewera sangawathawe malo amenewa. Oyeza a ku American Sports Medicine Institute, bungwe la ku America lofufuza za thanzi la osewera, anapeza kuti woponya mpira waluso m'masewera a baseball amatembenuzira mkono mkati pa liwiro la madigiri pafupifupi 7,000 pa sekondi, ndipo mpira ukachoka m'manja, infraspinatus ndi teres minor ndiwo amagwira mabuleki. Mnofu umene wangozolowera kugwira ntchito chigongono chili m'nthiti sunakonzekere zimenezo.

## Kutembenuzira mkati

Mbali iyi imakambidwa pang'ono, mwina chifukwa mwa anthu ambiri mphamvu yotembenuzira mkati imaposa kale yotembenuzira kunja. Subscapularis ali ndi othandiza amphamvu, pectoralis major ndi latissimus dorsi. Chigongono chikakhala m'nthiti, minofu ikuluikuluyi imakoka bwino, moti munthu akhoza kukoka chingwe cholimba pomwe subscapularis wake ndi wofooka. Mkono ukakwera pa madigiri 90, thandizo la pachifuwa limachepa ndipo subscapularis amatsala ndi gawo lalikulu.

Madokotala amagwiritsa ntchito nzeru yomweyi poyeza. Mu 1991 Christian Gerber wa ku Switzerland ndi mnzake Krushell anafotokoza njira yoika dzanja kumsana, pamwamba pa chiuno, n'kuuza wodwala kuti alichotse pamsanapo kupita kumbuyo. Pamalo amenewo mnofu wa pachifuwa sungathandize kwenikweni, ndiye ngati subscapularis wang'ambika, dzanja silichoka.

## Kulemera kwa katundu

Malo a mkono si okhawo amene amagawa ntchito. Mukawonjezera kulemera, minofu yonse imene imachita nawo mafizowo imakwera pamodzi, ndipo ikuluikulu ija imakhala ndi mpata waukulu wolowerera. N'chifukwa chake a fizo amayambitsa wodwala ndi theka la kilogalamu kapena kilogalamu imodzi, zimene amuna ena amaziona ngati chipongwe. Botolo la madzi la theka la lita ndi theka la kilogalamu, ndipo mukagona chammbali n'kulikweza pang'onopang'ono maulendo khumi ndi asanu, mudzamva kutentha kumbuyo kwa phewa. Kutenthako kukamveka pamwamba pa phewa kapena m'khosi, ndiye kuti ntchito yapita kwa ena.

Izi sizikutanthauza kuti katundu akhale wopepuka mpaka kalekale. Mnofu sukula ngati sukuvutitsidwa, ndipo mlimi kapena womanga nyumba amene abwerere ku ntchito yolemera ayenera kufikako pang'onopang'ono.

## Zimene manambala a EMG sanena

Pafupifupi kafukufuku yense wa mtundu umenewu amachitika pa anthu ochepa, achinyamata, a mapewa abwinobwino, ndipo amayeza tsiku limodzi. Phewa lopweteka siligwira ntchito chimodzimodzi, chifukwa ululu umasintha mmene ubongo umagawira ntchito. Phewa la munthu wamkulu nalonso ndi lina. Ku Japan, ofufuza anaunika anthu 683 a m'mudzi wina wa kumapiri, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2010 zinaonetsa kuti mapewa 20.7 peresenti anali ndi rotator cuff yong'ambika. Chiwerengerocho chinkakwera ndi zaka, ndipo ena mwa anthuwo sankamva ululu uliwonse.

Komanso EMG imayeza kulimbikira kwa mnofu, osati kuchira kwa munthu. Mnofu wofupika ukhoza kuonetsa nambala yaikulu chifukwa ukuvutika, pomwe mphamvu imene ukutulutsa ndi yochepa. Funso loti kodi mafizo osankhidwa mosamala amachiritsa kuposa ena limayankhidwa ndi kafukufuku wa mtundu wina, wotsatira odwala kwa miyezi. Wina wamkulu, wotchedwa GRASP, anachitika ku Britain pa odwala phewa 708 ndipo anatuluka mu magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2021. Ena anaonana ndi a fizo mpaka maulendo asanu ndi limodzi, mafizo awo akuwonjezeredwa pang'onopang'ono. Ena anaonana nawo kamodzi kokha, n'kupatsidwa malangizo ndi mafizo okachita kunyumba. Patatha miyezi 12, magulu awiriwa sanasiyane.

Akatswiri amawerenga zimenezi mosiyana. Ena amati zikusonyeza kuti chofunika ndi kulimbitsa phewa mosadukiza, ndipo mkangano wa madigiri ndi thawulo wakula kuposa msinkhu wake. Ena amati kafukufuku wa anthu ambiri amabisa munthu mmodzimmodzi, ndipo kwa amene wachitidwa opaleshoni kapena wosewera amene akubwerera m'bwalo, malo a mkono ndi nkhani yaikulu. Pamene onse amagwirizana ndi pa dongosolo: kuyamba mkono uli pansi kapena wochirikizidwa, kukwera pang'onopang'ono, mpaka kufika pamalo amene munthuyo amagwirira ntchito yake ya tsiku ndi tsiku.

Pali anthu amene sayenera kusankha okha kuchokera pa kanema. Amene phewa lake linagulukapo asayambe ndi mkono wa m'mwamba wotembenuzidwira kunja mpaka kumapeto. Amene anasokedwa rotator cuff amakhala ndi malire a madigiri amene dokotala wake anamuikira, ndipo malirewo amasintha ndi masabata. Amene anagwa n'kulephera kukweza mkono kuyambira tsiku limenelo ayenera kuonedwa kuchipatala kaye. Palinso matenda ouma phewa, amene amakonda anthu a zaka za pakati pa 40 ndi 60, makamaka odwala shuga. Chizindikiro chake ndi choti mkono sutembenukira kunja ngakhale munthu wina ataugwira n'kuyesa kuutembenuza. Pamenepo vuto silili mu mphamvu ya infraspinatus koma m'kathumba kokuta mafupa kamene kalimba, ndipo chithandizo chake chimayambira pa kuchepetsa ululu ndi kumasula phewalo, chingwe cha mphira chimabwera pambuyo.